Mfuti ya a Kachigunda ndi Mavoti Makumi Atatu

Kalekale, koma osati kale la makolo oyamba, kale lija anthu anali ataphunzira kuima pamzere ndi kuchonga pepala posankha pulezidenti, kunali dziko lotchedwa Matunduwe. Kumapeto kwenikweni kwa dzikolo, kumene msewu unkathera nkhalango n'kuyamba, kunali mudzi wa Kandeya. M'mudzimo munkakhala mkulu wina wosula zitsulo, dzina lake a Kachigunda.

A Kachigunda ankasula makasu, nkhwangwa ndi zikwanje, koma chimene chinawatchukitsa chinali mfuti za gogodera, zija zothira wonga kukamwa. Mfuti zambiri za m'deralo zinatuluka pachipala chawo. Anali munthu wouma mtima, wosaseka ndi mwana, ndipo mkazi wawo atamwalira anaumirako. Munda wawo unali womaliza, wogundana ndi nkhalango, ndipo chaka chilichonse chimanga chikayamba kukhwima njovu zinkabwera. Mkuluyo ankangowomba kamodzi m'mwamba, njovu n'kubwerera. Kwa zaka zambirimbiri pakati pa iwo ndi njovu panalibe mpanda, panali mfuti imodzi yokha imene anadzisulira asanakwatire. Ana awo anawachonderera kuti ausiye mundawo, koma yankho linali limodzi: "Mayi anu analima pano. Ine ndidzachoka pano pamachira."

Mawu amenewo muwasunge.

Ana anali atatu. Woyamba anali Khumbize, amene anatengera bambo ake chilichonse, kayendedwe ndi kuuma mutu komwe. Ankalima moyandikana nawo, ndipo sankagona tulo mfuti isali pafupi. Wachiwiri anali wamkazi, Ndaziona, mayi wamasiye. Mwamuna wake, Lufeyo, anawomberedwa masanasana pamowa, atakangana ndi mnansi pa nkhani ya mbuzi imene inadya chinangwa. Mbuzi, abale! Ndipo mfuti imene inamupha inasulidwa ndi manja a apongozi ake omwe. Kuyambira tsiku limenelo Ndaziona ankadutsa pachipala cha bambo ake atayang'ana kumbali. Wachitatu anali Dziwani, mzime, wokonza njinga pansi pa mtengo wa mbawa pamphambano. Aliyense wophulitsa tayala ankakhala naye pansi, ndipo podikira kuti chigamba chigwire, Dziwani ankalankhula. Lilime anali nalo, ndipo sankanama, chimene chinali vuto lake lina.

Chaka china kunabwera chisankho, ndipo dziko lonse linagawanika pa nkhani imodzi yokha, ya mfuti. Kumatauni anthu anali atatopa ndi maliro a owomberedwa. Kumalire a nkhalango anali atatopa ndi maliro a opondedwa ndi njovu. Chipani cha Njati chinkati munthu aliyense asunge mfuti yake m'nyumba mwake, boma lisalowererepo. Chipani cha Nkhunda chinkati mfuti zonse zitoleredwe, zisungunulidwe, zisanduke makasu. Zipani ziwirizi zinali ndi anthu ochuluka mofanana, moti palibe amene ankadziwa chimene chidzapambane.

Ndiye panali kachipani kachitatu, ka Nkhokwe. Kameneka kankati mfuti zisagone m'nyumba, komanso zisasungunulidwe. Mudzi uliwonse umange nkhokwe yake ya mfuti m'mphepete mwa minda, makiyi akhale ndi anthu atatu, mfuti izituluka njovu zikabwera n'kubwerera njovu zikapita. Anthu ambiri ankati maganizo amenewa ngabwino. Anthu omwewo ankanenanso kuti kachipaniko sikangapambane ngakhale nkhuku zitaloledwa kuvota.

Dziwani anakakonda kachipaniko ndi mtima wonse. Tayala ndi tayala, anakopa anthu makumi anayi a m'midzi ya m'mphepete mwa nkhalango, onse nalonjeza kuchonga pa Nkhokwe.

Kutatsala masiku awiri kuti chisankho chichitike, Khumbize anabwera pansi pa mbawa paja. Sanakhale pansi.

"Iwe Dziwani, wayilesi ukuimva? Akuti Njati ndi Nkhunda sizikusiyana. Anthu ako makumi anayiwo ndi alimi a kumalire, ndi athu amenewo. Ukapita nawo ku Nkhokwe, wawataya m'madzi. Ukufuna mfuti ikhalepo, ukufunanso isakhalepo. Mapanga awiri avumbwitsa, mphwanga. Mfuti ya bambo ikapita, udzaima ndiwe kutsogolo kwa njovu?"

"Achimwene, anthuwo si mbuzi zanga zoti ndizikusira kumene inu mwaloza. Mfuti ya bambo ndikufuna ikhalepo, koma isamagone m'nyumba momwe mumagona mowa."

M'mawa mwake anabwera Ndaziona. Iyeyu anakhala pansi.

"Mlongo wanga, alamu ako unawanyamula ndiwe kuchokera pamowa paja. Bala lija unaliona. Ukudziwa kuti Nkhokwe siipambana. Anthu akowo akanena kuti mfuti isagone m'nyumba, ndiye kuti mtima wawo uli kwa Nkhunda. Voti iliyonse imene ukutichotsera ukuipereka kwa Njati, ndipo mayi wina adzavala zakuda ngati ine."

"Achemwali, dzulo achimwene amati ndikuthandiza inu. Lero inu mukuti ndikuthandiza iwo. Bwanji nonse awiri osabwera kuno kuli ine?"

Ndaziona anadzuka, nakutumula chitenje chake. "Mwina ukulondola," anatero, "koma kulondola kwakoko tidzakulipira ndife."

Tsiku la chisankho Khumbize anachonga pa Njati, Ndaziona pa Nkhunda, Dziwani ndi anthu ake pa Nkhokwe. A Kachigunda sanapiteko n'komwe. Anati pepala silinathamangitsepo njovu, natenga khasu ulendo wa kumunda.

Kuwerenga kunatenga masiku atatu. Anthu a ku Kandeya anaunjikana pansi pa mbawa kuzungulira wayilesi ya Dziwani. M'mawa Njati inali patsogolo, masana Nkhunda n'kuipitirira, madzulo Njati n'kubwereranso. Tsiku lachitatu, dzuwa lili pamutu, wolengeza anakhosomola kaye, kenako ananena kuti Nkhunda yapambana ndi mavoti makumi atatu. M'dziko lonse la Matunduwe, ndi mizinda yake ndi mapiri ake, makumi atatu okha. Palibe amene analulutira. Khumbize anaimirira, nayendetsa maso pa anthu a Nkhokwe amene anakhala pamenepo, milomo yake ikuwerenga. Makumi anayi, ndi mphwake wa makumi anayi ndi mmodzi. Analavulira pansi n'kumapita.

Lamulo silinachedwe. Mwezi umodzi, mfuti zonse ziperekedwe. Ikapezeka mfuti m'nyumba kapena m'munda mwa munthu, mwini malowo akakhale kundende zaka zisanu ndi ziwiri. Lole ya boma inafika mpaka pamene msewu unkathera, ndipo a Kachigunda anaima chapatali kuonerera ntchito ya moyo wawo wonse ikuponyedwa pamulu ngati nkhuni.

Tsopano tamvani zimene ana atatu aja anachita, aliyense pofuna kupulumutsa bambo ake.

Khumbize anapereka mfuti yake, napereka ndi chimfuti china chadzimbiri, n'kunena kuti n'cha bambo ake. Yeniyeni ija anaithira wonga, anaikulunga m'chiguduli, n'kukaisomeka m'denga la dindiro, kanyumba kaja kolinderamo munda, kamene kanali kumapeto kwa chimanga cha mkuluyo, chakunkhalango. Nthawi imeneyo anthu a m'mudzi anali atapangana zolinda minda m'magulu, kuimba zitini ndi kufukiza tsabola. Anapangananso kuti woona njovu asalimbane nayo, athawire kumudzi n'kukaitana anzake. Khumbize anaseka pangano limenelo. "Ababa," anatero, "za zitinizo zisiyireni ana. Yanu ili m'denga la dindiro, yothira kale. Ikabwera, musathawe m'munda mwanu ngati mlendo. Ndipo ine ndizikhala nanu masana onse mpaka tikolole."

Ndaziona, pokapereka chakudya kumunda, anachiona chiguduli chija, ndipo mtima unamuuza chimene chinali m'kati. Sabata yomweyo anamva kumsika kuti asilikali akubwera kudzasecha madindiro onse a kumalire. Bambo ake anali ndi chifuwa chosatha. Zaka zisanu ndi ziwiri za ndende kwa munthu wotero ndi manda basi. Kuwauza iwo, akanamutukwana. Kuuza Khumbize, akanangoisamutsira pena. Choncho tsiku lina bambo ake atatsikira kumtsinje, anasolola mfutiyo n'kukaiponya padziwe lakuya. M'chiguduli muja anakulungamo munsi wake wakale, kuti mtolowo uzioneka chimodzimodzi mpaka kusecha kutatha. Asilikali anabweradi. Amuna onse anawakhazika pabwalo, iwo n'kulowa m'minda. Anatsitsa chiguduli chija, anapeza munsi, anaseka, n'kuubwezera m'denga. A Kachigunda anagona kunyumba kwawo tsiku limenelo, osati kundende. Khumbize anayenda modzitukumula, akuganiza kuti kabisidwe kake kawapusitsa. Ndaziona anati awauza bambo ake mawa. Mawa litafika, anayang'ana nkhope ya bambo ake, nati mawa linanso.

Dziwani anatseka ntchito, napalasa njinga masiku awiri mpaka kuboma, atanyamula kalata yopempha kuti midzi ya kumalire iloledwe nkhokwe imodzi yokha ya mfuti. A Nkhunda anamufunsa kuti, "Munativotera?" A Njati anamuuza kuti, "Wadya wekha, sanza wekha." Mtsogoleri wa Nkhokwe anamupeza akusangalala kuti dzina lake latchulidwa pa wayilesi. Dziwani anabwerera ndi kalata yake m'thumba, ndipo pansi pa mbawa paja anthu anayamba kudutsa akukankha njinga zophulika osaima.

Nkhalango nayo inali kumvetsera. Mwezi unatha osamveka kulira kwa mfuti, wachiwiri unathanso. Poyamba anthu anapeza mapazi m'mbali mwa mtsinje. Kenako maungu a mumzere womaliza anapezeka ataphwanyidwa. Kenako amayi otola nkhuni anayamba kuziona masana, zitangoima pansi pa mitengo, osadya, osayenda, zikuyang'ana kuminda. Pakati pa izo panali imodzi yamphongo, yothyoka mnyanga, ya chipsera chakale cha gogodera paphewa. Akulu amati chakudza sichiimba ng'oma. Ichi chinaimba, ndipo chinaimba miyezi iwiri, koma aliyense anali kalikiliki kukangana za mavoti makumi atatu.

Tsiku lake linali lachinayi, dzuwa litangopendeka. Khumbize, uja analonjeza kukhala ndi bambo ake masana onse, anali kumsonkhano wa Njati wokana zotsatira za chisankho. A Kachigunda anali okha m'chimanga. Amayi awiri amene ankapalira mbatata m'munda wa kumunsi ndi amene anayamba kuiona yothyoka mnyanga ija ikutuluka m'mitengo.

"Agogo! Agogo a Kachigunda! Thawani, njovu!"

Njira ya kumudzi inali kumbuyo kwawo, yotseguka, ndipo nthawi inalipo. Dindiro linali kutsogolo, mbali yomwe kunali njovu. Mkuluyo sanacheuke n'komwe. Anathamangira kudindiro ndi chifuwa chawo chomwecho, anasolola chiguduli, anatuluka nacho panja, anaima poyera ngati mmene ankaimira zaka zonse zija, n'kuchimasula. Amayi aja amati anauyang'ana munsiwo ngati munthu amene wapatsidwa mwana wosakhala wake. Zimene zinatsatira sindizinena, chifukwa ngakhale ine zimandiwawa.

Anachokadi m'munda muja pamachira.

Anafika nawo kunyumba akupumabe pang'ono. Ana onse atatu anagwada mozungulira mphasa, ndipo Ndaziona anaulula zonse akulira, za dziwe ndi za munsi. Khumbize anaulula kumene anali. Dziwani analibe choulula, inki ya pachala inali itafufutika kale, koma aliyense m'nyumbamo ankadziwa pamene anachonga. A Kachigunda anawayang'ana mmodzimmodzi, pang'onopang'ono, kenako anati:

"Mmodzi wa inu wandipha. Ameneyo asaponye dothi pabokosi langa. Akaponya, dothilo limutsata."

Sanatchule dzina. Kaya mpweya unawathera, kaya anachita dala, pakuti kuuma mtima anali nako mpaka kumapeto. Dzuwa lisanalowe anali atatsamaya.

Ku Kandeya kunali mwambo wakuti manda satsekedwa ana a womwalira asanaponye dothi loyamba. Ndipo mwana amene waletsedwa kuponya dothi sakhalanso ndi malo m'mudzi: samupatsa moni, samuitana pamaliro, ana ake sakwatiwa. Choncho m'mawa mwake, bokosi litatsitsidwa, adzukulu anaima atatsamira makasu awo. Mkulu wawo, a Chimtengo, anatapa dothi m'lichero n'kuliika patsogolo pa ana atatu aja.

"Manda satsekedwa ana asanaponye, ndipo mawu a womwalira salumphidwa," anatero. "Awiri aponye, mmodzi abwerere m'mbuyo. Ife tikudikira."

Khumbize analankhula koyamba, mwaukali. "Abwerere Dziwani. Ine ndinamuuza, ndinachita kumutsatira pansi pa mtengo wake. Makumi anayi ndi mmodzi, pomwe tinaperewera makumi atatu! Anthu ajawo akanachonga pa Njati, mfuti ikanakhala paphewa la bambo poyera, popanda kubisa, popanda munsi. Madzi onsewa anayambira pakasupe wake. Ngati si iye, ndiye mlongo wangayu, amene anasiya nkhalamba ikudalira mtengo wosinjira."

Ndaziona sanadzutse mutu. "Ine ndinawachotsa m'kamwa mwa ndende, ndipo asilikali anabweradi, nonse munawaona. Ndikanapanda kutero, bwenzi tikuika bokosi lochokera kundende. Ndinachedwa kunena, zimenezo zidzandidya mpaka kufa. Koma anawauza kuti asathawe ndani? Anawachotsa pagulu la zitini ndani? Analonjeza kukhala nawo masana onse n'kupita kukaimba nyimbo za chipani ndani? Njira ya kumudzi inali yotseguka, achimwene. Anawatsekera ndinu."

Dziwani anayang'ana dothi lija. "Ine sindinabise mfuti, sindinabe mfuti, sindinanamize bambo," anatero. "Ndinachonga chimene ndinkakhulupirira, ndipo chikanatsatidwa, mfuti ikanakhala m'nkhokwe m'mphepete mwa munda, anthu atatu akudziwa pamene ili. Achimwene akuti anthu anga anali a Njati. Achemwali ankati anali a Nkhunda. Afunseni, ali pompano. Ena akuuzani kuti pakanapanda Nkhokwe sakanapita n'komwe kukavota." Mawu ake anatsika. "Koma kunama sindinama. Ndinkadziwa kuti sitipambana. Ndinkadziwa kuti zipani zazikulu ziwirizo sizikusiyana. Ndinachongabe."

Anthu anayamba kung'ung'udza. A Njati analoza Dziwani, a Nkhunda analoza Khumbize, ndipo amayi awiri aja amene anaona munsi ukutuluka m'chiguduli sanathe kumuyang'ana Ndaziona. Adzukulu anasinthana miyendo. Dzuwa linakwera, linafika pamutu, linayamba kupendeka, bokosi lili pompo pansi losakwiriridwa. Ndipo kuseri kwa manda, kumene nkhalango inkayambira, kunamveka nthambi ikuthyoka. Kenako ina, chapafupi.

Ine nkhaniyi ndimaisiyira pomwepa, lichero la dothi lili pansi, manja atatu ali lende. Musandiuze za a Kachigunda, kuti anasula okha mfuti imene inasandutsa mwana wawo wamasiye, kapena kuti sanapite kukavota. Zimenezo ndikuzidziwa, koma wakufa saponya dothi pabokosi lake. Musandiuzenso kuti onse atatu abwerere m'mbuyo, chifukwa manda akhala apululu, ndipo nthambi zija mwazimva.

Pali Khumbize, amene anasunga mfuti mozembera lamulo, nauza bambo ake kuti asathawe, iye n'kusowa pa tsiku lake. Pali Ndaziona, amene anawapulumutsa kundende, koma nawasiya akukhulupirira munsi. Ndipo pali Dziwani, amene sanakhudze mfuti ngakhale ndi chala, koma anatenga mavoti makumi anayi ndi imodzi n'kupita nawo kumene ankadziwa kuti sikupambana, m'chaka chimene dziko linatembenuka ndi makumi atatu.

Tsono inu amene mwakhala pano, ndipo ena mwa inu inki ija munaipakapo pachala, tandiuzani: mwa ana atatu a Kachigunda, ndani abwerere m'mbuyo, asaponye dothi?